Socialization: kodi m'Chichewa tiziti kulera, kucheza kapena kuzoloweretsa?

Nabanda: Akuluakulu ndithandizeni. Mawu a Chingerezi oti socialization akupezeka m'zolemba zitatu zofunika kuziika m'Chichewa: buku la alezi a sukulu za mkombaphala, kapepala ka malangizo a kawetedwe ka agalu, ndi nkhani ya mbiri ya Mozambique. Kodi pali mawu amodzi a Chichewa amene angakwane monsemo? Ena akuti tingolemba kuti "kucheza".

A Mbewe: Mayi Nabanda, "kucheza" musalembe, olo pamodzi mwa zitatuzo. Kucheza ndi socializing, kukhala pakhonde ndi anzako n'kumakambirana za mvula ndi za mpira. Socialization ya akatswiri a za chikhalidwe cha anthu ndi ntchito yaitali imene imatenga khanda lobadwa losadziwa chinenero, ulemu ngakhale manyazi, n'kulisandutsa munthu wa mudzi wakutiwakuti. Mu 1966 Peter Berger ndi Thomas Luckmann anaigawa pawiri. Yoyamba ndi ya pakhomo. Mwana sasankha omulera, ndipo zimene akuona kwa amayi ake ndi agogo ake amaziyesa kuti dziko lonse limayenda choncho, n'chifukwa chake zimakanirira mpaka imvi. Yachiwiri ndi ya kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti, kuntchito, ku usilikali. Kumeneko munthu amadziwa kuti awa ndi malamulo a malo ano, akatuluka pageti atha kuwasiya. M'buku la mkombaphala yoyambayo mutha kuitcha "maleredwe", koma onjezerani chiganizo chofotokoza kuti mwana amatolanso zimene palibe anafuna kumuphunzitsa.

Naphiri: Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma alezi safuna mayina a akatswiri, amafuna kuona chinthucho ndi maso. Apatseni chitsanzo cha kutuma mwana. Mayi amuuza mwana wa zaka zinayi kuti akapemphe mchere kwa aneba. Mwanayo ayenera kuima pabwalo n'kunena "odi", kudikira kuti amuyankhe, kugwada ngati ndi mtsikana kapena kunjuta ngati ndi mnyamata, kunena kuti "amayi akuti muwagawireko mchere" osati "ndipatse mchere", kulandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kubwerera osaima panjira. Akalakwitsa, aneba omwewo amamukonza pomwepo: "Kodi wamkulu amamuuza kuti iwe?" Pa ulendo wa mphindi zitatu waphunzira kuti khomo la mwini salowa chilowelowe, kuti wamkulu ndi "inu", ndiponso kuti aliyense wamkulu pamudzi ali ndi mphamvu yomulangiza. Palibe anakhala naye pansi kumuwerengera malamulo.

Masanje ndi chimodzimodzi. Katswiri wina, George Herbert Mead, anasiyanitsa magawo awiri a masewera a ana. Poyamba mwana amasewera munthu mmodzi pa nthawi imodzi: lero ndi mayi wophika m'tizitini, mawa ndi bambo wobwera kumunda. Akakulirapo amalowa masewera a malamulo monga fulaye kapena mpira, pamene ayenera kusunga m'mutu zimene wina aliyense pabwalopo akuyembekeza kwa iye. Apo ndi pamene amayamba kumva mawu oti "anthu adzati bwanji", ngakhale palibe munthu weniweni waima pafupi.

Chimene chimalakwika ku mkombaphala zambiri n'chakuti ana a zaka zitatu amawakhazika m'mizere m'mawa wonse kumaimba ABC. Amaphunzira kukhala chete, koma kudikira nthawi yake, kubwereka ndi kupepesa saphunzira, chifukwa sanapatsidwe mpata woti akanganirane kanthu. Mlezi awagawe anayi kapena asanu pagulu, awapatse mthiko umodzi ndi tizitini tochepa, akhale pafupi, ndipo mkangano ukabuka awapatse mawu oti anene: "Ukatha undipatse." Asalande chidolecho n'kuchibisa, popeza akatero phunziro latha.

A Mbewe: Zoona. Ndipo umboni woti zaka zoyambirira n'zolemera ulipo. Ku Bucharest, dziko la Romania, ofufuza anayamba mu 2000 kutsata ana 136 a m'nyumba zosungira ana amasiye. Theka anawapezera mabanja owalera, theka anatsala m'nyumbazo. Amene anapita m'mabanja asanakwanitse zaka ziwiri anachita bwino kuposa anzawo pa nzeru ndi pa kukhulupirira owalera. M'nyumba za ana amasiyezo chakudya ndi denga zinalipo, chimene chinkasowa ndi munthu mmodzi wokhazikika woyankha mwana akalira. Osamalira ankasinthana mashifiti ndipo aliyense anali ndi ana ambiri.

Chenjezo limodzi pomasulira: musalembe kuti "kulera bwino" kapena "kuphunzitsa makhalidwe abwino". Mawu a Chingereziwa saweruza. Mnyamata wophunzira kupisa m'matumba kwa anzake a mumsewu nayenso ali pa socialization. Mtsikana wophunzira kuti mwamuna akamamenya ndiye kuti amakonda, nayenso. Mukaikapo "bwino" mwatseka khomo lokambira zoipa zimene timapatsira ana.

Nabanda: Nanga chinamwali chilowa gawo liti? Buku lomwelo lili ndi anticipatory socialization ndi resocialization.

A Mbewe: Yoyambayo inatchuka ndi Robert Merton: kuyamba kutengera makhalidwe a gulu limene usanalowemo koma ukuyembekeza kulowa. Chilangizo cha mkwati ndi mkwatibwi ukwati usanachitike ndi chitsanzo chokwanira, ngakhalenso wophunzira unamwino amene wayamba kale kulankhula ngati namwino. Resocialization ndi kuvula munthu makhalidwe akale n'kumuveka ena. Erving Goffman mu 1961 anafotokoza mmene zimachitikira m'malo otsekeka monga ndende, kampu ya asilikali ndi chipatala cha odwala misala: kumeta tsitsi, kulanda zovala za kunyumba, kupereka yunifolomu ndi nambala, kudula mauthenga ndi achibale, kuika nthawi yodzuka, yodya ndi yogona. Ine ndimaona kuti chinamwali chili ndi zizindikiro zomwezo. Namwali amabindikiritsidwa m'tsimba, amametedwa, m'madera ambiri amapatsidwa dzina lina.

Naphiri: Apo ndiye ndikukanani, a Mbewe. Kumeta n'kumodzi koma cholinga n'chosiyana. Wandende amamuvula ulemu kuti asavute kumulamulira, ndipo omuvulawo ndi alendo kwa iye. Namwali amalangizidwa ndi anamkungwi a m'mudzi mwake, ali ndi phungu womuyang'anira, ndipo zimene amamuuza zimamanga pa zimene anayamba kuphunzira ali wakhanda: ulemu kwa akulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kudzisamalira. Potuluka amabwerera m'mudzi womwewo ali ndi ulemu woposa umene analowa nawo. Chimenecho ndi chigawo chachiwiri cha maleredwe, chosakanikirana ndi kukonzekera ukulu. Kuti malangizo ena a kutsimba ali ndi zovuta, makamaka akapatsidwa kwa mtsikana wamng'ono amene akadali pasukulu, ndi nkhani yoona ndipo iyenera kulembedwa poyera, koma musaiike pamzere umodzi ndi ndende.

A Mbewe: Pa nkhani yobwerera m'mudzi womwewo mwanena zomveka, mayi. M'bukumo resocialization aipatse chitsanzo cha usilikali, chinamwali chikhale pa gawo lachiwiri.

A Chisale: Za agalu ndiyankhe ine. Pa kapepalako lembani "kuzoloweretsa", ndipo nenani masabata ake mwachindunji, chifukwa nkhani yonse yagona pa nthawi. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine ku America, anapeza kuti mwana wa galu amalandira zachilendo mosavuta kuyambira masabata 3 mpaka pafupifupi 12. Mu 1961 ofufuza a komweko anasiya tiagalu m'munda wotchingidwa ndi mpanda pamodzi ndi amayi awo, n'kumatenga ena pa misinkhu yosiyana kuti akhale ndi anthu sabata imodzi. Otengedwa pa masabata 5 mpaka 7 anazolowera anthu bwino lomwe. Amene sanagwiridwe ndi munthu mpaka masabata 14 anakhala amantha ngati nyama za kutchire, ndipo kuwaweta kunakanika. M'mera m'poyamba.

Ndondomeko yake ndi iyi. Kagalu kasachotsedwe kwa mayi wake kasanakwane masabata 8. Pakati pa abale ake ndi pamene kamaphunzira kuluma mosapweteka: kakaluma kwambiri mnzake amalira n'kusiya kusewera. Timene amagulitsa m'mbali mwa msewu tili ndi masabata 4 kapena 5 timakula tikuluma manja mwamphamvu chifukwa phunziro limenelo linadumphidwa.

Kakafika pakhomo, tsiku lililonse kaone chinthu chatsopano chimodzi kapena ziwiri, kwa mphindi zisanu kapena khumi basi. Anthu akhale osiyanasiyana: mwana, agogo a ndodo, bambo wandevu, wovala chipewa, wa ambulera, mayi wosenza ndowa, wokankha njinga. Kamve phokoso la njinga yamoto, chigayo chili patali, wailesi, mvula pa malata. Kaone nkhuku ndi mbuzi kali pachingwe kapena m'manja, kuti kasayambe kuthamangitsa. Muzikagwira makutu, zikhadabo, mchira ndi kukatsegula kukamwa, kuti kadzalole kubayidwa katemera ndi kuchotsedwa nkhupakupa. Chachilendo chilichonse chizibwera ndi kachakudya, kaya ndi kausipa kamodzi. Mlendo akhale pansi chammbali, asakayang'ane m'maso, kagaluko kabwere kokha.

Zizindikiro zoti mwapyola muyezo: mchira pakati pa miyendo, makutu kumbuyo, kunyambita mphuno, kuyasamula kosatopa, kukana chakudya chimene kamakonda. Mukaona zimenezo bwererani m'mbuyo mpaka pamene kayambirenso kudya, mawa muyambire pamenepo. Kukanyamula n'kukaika pakati pa ana khumi akukuwa si kuzoloweretsa ayi, n'kukaphunzitsa kuti ana ndi oopsa.

Nankhoma: Koma a Chisale, madokotala a ziweto omwewo amati kagalu kasatuluke pampanda kasanamalize katemera. Zigwirizana bwanji ndi masabata 12 anuwo?

A Chisale: Funso lenileni limenelo, achemwali. Katemera wa parvo, matenda oopsa a m'mimba mwa tiagalu, amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwereza pakapita masabata 2 mpaka 4 aliwonse kufikira masabata 16. Wa chiwewe ndi pa masabata 12. Ndiye mukadikira kuti zonse zithe, nthawi yozolowera yadutsa kale. Njira yake ndi kusiyanitsa kuona ndi kuponda. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri pamene galu wodwala anachitira chimbudzi, choncho kagalu kasaponde kumsika, kudzala, kapena panjira podutsa agalu oyendayenda. Koma kukanyamula m'manja kapena m'basiketi kuti kaone msewu palibe vuto. Alendo abwere kunyumba, asambe m'manja, nsapato asiye pakhomo. Kasewere ndi galu wamkulu wofatsa amene mukudziwa kuti anabayidwa. Simenti yokayikitsa itsukeni kaye, kenako thirani Jik, muyezo umodzi pa miyezo 30 ya madzi, muisiye mphindi khumi. Bungwe la madokotala a khalidwe la ziweto ku America limalola tiagalu kuyamba kukumana pa masabata 7 kapena 8, bola tabayidwa katemera woyamba masiku 7 m'mbuyomo ndipo tamwa mankhwala a njoka za m'mimba.

Chondipweteka n'chizolowezi chotsekera kagalu m'khola usana wonse kuti "kadzakhale kolusa". Chimatuluka m'kholamo ndi galu wamantha, ndipo galu wamantha sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba wolowa kudzatola mpira. Galu woona anthu ambiri ali wamng'ono amadziwa kuti zachizolowezi ndi ziti, n'chifukwa chake amauwa molondola chachilendo chikachitika usiku.

Amphaka nthawi yawo ndi yaifupi ndipo imafulumira: masabata 2 mpaka 7. Azigwiridwa ndi anthu angapo, osati mmodzi yekha, mphindi 15 mpaka 40 pa tsiku.

A Tembo: Pa mbiri ya Mozambique iwalani zonse zanenedwazi, mayi Nabanda. Apo chosinthidwa si munthu kapena galu, ndi munda. Chipwitikizi chake ndi socialização do campo, ndondomeko ya FRELIMO imene inakhwima pa msonkhano waukulu wachitatu wa chipanicho mu February 1977, patapita zaka zosakwana ziwiri dzikolo litalandira ufulu pa 25 June 1975. Inali ndi miyendo itatu: minda ikuluikulu ya boma, makopaletivi a alimi, ndi midzi ya pamodzi yotchedwa aldeias comunais, kumene mabanja okhala motalikirana ankasonkhanitsidwa kuti sukulu, chipatala ndi mjigo zikhale pafupi. Abale athu a ku Angónia m'chigawo cha Tete akukumbukira minda ya boma ya CAIA.

Chinalakwika n'chiyani? Ndalama zochuluka za ulimi zinapita ku minda ya boma, ku mathirakitala amene ankaima chifukwa chosowa zipangizo ndi amakaniko, pamene mlimi wa khasu, yemwe ankadyetsa dziko, ankasowa khasu lenilenilo. Amalonda a Chipwitikizi a m'midzi atachoka, masitolo a boma analibe nsalu, mchere ndi sopo zokwanira, ndiye mlimi sankaona chifukwa cholimira zogulitsa. Mudzi watsopano unkakhala kutali ndi minda yakale, ndi mitengo ya zipatso, ndi manda a makolo. M'madera ena anthu anasamutsidwa mokakamiza, ndipo nkhondo ya pachiweniweni itakula gulu lolimbana ndi boma la Renamo linkawotcha midzi imeneyi. Pa msonkhano wachinayi mu 1983 chipanicho chinavomereza kuti alimi a m'mabanja ananyalanyazidwa. Pomasulira lembani kuti "kusandutsa ulimi wa kumudzi kukhala wa pamodzi". Mukalemba "kulera anthu akumudzi" owerenga a ku Tete sadzazindikira mbiri yawo yomwe.

A Mwale: Ndiwonjezere pa a Tembo, chifukwa pa zachuma anthu amasakaniza socialization ndi nationalisation. Nationalisation ndi boma kutenga umwini. Zimene Kenneth Kaunda analengeza ku Matero mu 1969, zoti boma la Zambia litenge magawo 51 pa 100 a migodi ya kopa, ndi nationalisation. Mwini wasintha, koma wogwira ntchito pansi pa mgodi akulamulidwabe monga kale. Olimbikitsa socialization amatanthauza zoposa pamenepo: kuti ogwira ntchito, ogula ndi anthu a m'deralo akhale ndi mawu pa kayendetsedwe kake, kaya kudzera m'kopaletivi kapena m'bungwe limene iwo asankhamo oimira.

Ku Germany mawuwa ali m'malamulo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918 anakhazikitsa komiti yoona za nkhaniyi, wapampando wake Karl Kautsky, ndipo inalangiza zoyamba ndi migodi ya malasha, koma sizinachitike. Gawo 15 la malamulo oyendetsera dzikolo a 1949 limalola kuika malo, zachilengedwe ndi zipangizo zopangira katundu m'manja mwa anthu onse, bola pakhale lamulo lonena za chipukuta misozi. Pa 26 September 2021 anthu a mumzinda wa Berlin anaponya voti ya referendamu, ndipo oposa theka anavomereza kuti nyumba za lendi za makampani okhala ndi nyumba zoposa 3,000 zichotsedwe m'manja mwa makampaniwo. Votiyo payokha sinali lamulo, inali kulamula akuluakulu a mzinda kuti akonze lamulo.

Palinso kagwiritsidwe kena ka m'nyuzipepala. Mabanki atagwa mu 2008, boma la America linavomereza madola 700 biliyoni owapulumutsira, la Britain linatenga banki ya Northern Rock. Odzudzula anati phindu linali la eni mabanki okha, koma zitavuta ndalama zotayikazo zinachitidwa socialize. Apo Chichewa chake ndi "kusenzetsa anthu onse olipira msonkho ngongole ya anthu ochepa". Ndipo mukaona socialized medicine m'nkhani ya ku America, dziwani kuti kawirikawiri ndi mawu a otsutsa, oopsezera anthu. A ku Britain, amene ali ndi NHS, ndondomeko ya boma ya zipatala, kuyambira 1948, satchula chipatala chawo choncho. Mukamasulira mosakondera lembani "chithandizo cha chipatala cholipiridwa ndi misonkho".

Nankhoma: Ku ofesi kuli ziwiri. Ya a HR, oona za antchito, ndi kuzoloweretsa wantchito watsopano, osati tsiku limodzi losaina mafomu ayi, koma miyezi imene amaphunzira kuti kalata imadutsa kwa yani isanafike kwa bwana ndiponso kuti pamsonkhano amayamba kulankhula ndani. Mupatseni mnzake wakale womuyenda naye, apo ayi adzaphunzira kwa amene ali ndi nthawi yocheza, yemwe nthawi zambiri ndi wokhumudwa ndi ntchitoyo. Inayo ndi ya mabwana akamati "socialize the draft": kuonetsa chikalata kwa okhudzidwa mmodzimmodzi msonkhano usanafike, kuti pasadzakhale wodzidzimuka. Ku Mozambique masiku ano mumamvanso socialização ya bilu, kutanthauza kuipititsa kwa anthu kuti aimve ndi kuikapo maganizo.

A Mbewe: Kamsampha kena kwa omasulira zakale. Mawu a Chijeremani oti Vergesellschaftung ndi amene a Mwale akunena pa chuma, koma Georg Simmel anawagwiritsa ntchito kutanthauza mmene anthu amalumikizirana n'kupanga gulu. Omasulira oyambirira anawaika m'Chingerezi kuti socialization, apambuyo pake anasintha n'kuti sociation. Mukapeza socialization m'zolemba za Simmel zomasuliridwa kalekale, si maleredwe.

Nabanda: Zikomo nonse. Ndiye palembedwa "maleredwe" ku mkombaphala, "kuzoloweretsa" kwa agalu, ndi "ulimi wa pamodzi" ku Mozambique. A Chisale, funso limodzi limene owerenga kapepalako adzafunsa ndithu: galu wa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi amene anakulira m'khola ndipo amathawa kapena kuuwa aliyense, ndiye kuti zatha?

A Chisale: Sizinathe, koma ntchito yake ndi ina ndipo musailonjeze kuti ifika pomwe kakanafika kagalu ka masabata 8. Apa simukuzoloweretsanso chopanda mantha, mukuchepetsa mantha amene alipo kale. Yambani ndi kupeza mtunda umene galuyo amaona mlendo koma n'kudyabe, kaya ndi mamita 20 kapena 30. Mlendo aime pamenepo chammbali. Galu akangomuona, mwini amupatse kanyama. Mlendo achoke, kanyama kathenso. Bwerezani kasanu kapena kakhumi, musiye galu asanatope. Mtunda muzichepetsa ndi mita imodzi kapena ziwiri pokhapokha galu akayamba kutembenukira kwa mwini wake yekha akaona mlendo. Akauwa, mwafulumira, bwererani pa mtunda wa dzulo. Mlendo mmodzi akazolowereka sizitanthauza kuti onse azolowereka, muyambirenso patali ndi mwamuna, ndi wa chipewa, ndi wa njinga.

Musamumenye akamalira mokwiya kukhosi. Kulira kumeneko ndi chenjezo, ndipo galu womenyedwa chifukwa chochenjeza amasiya kuchenjeza n'kumangoluma. Ana asagwiritsidwe ntchito poyeserera, ndipo galu akhale pachingwe cholimba nthawi zonse. Yembekezani masabata ambiri, kwa ena miyezi. Galu amene analumapo kale munthu mpaka kutuluka magazi aonedwe ndi dokotala wa ziweto musanayambe zonsezi, ndipo wolumidwayo atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo akuoneka wabwinobwino.